Manambala 800 mufoni, koma ndani angagone pa katoni chifukwa cha iwe?



Phunziro la sabata ino ndi lalitaliko, ndiye ngati bandulo ikuvuta, lisungeni muwerenge mukakhala pabwino. Ndiyamba ndi nkhani yanga, ngakhale kuti ndi yochititsa manyazi.

Ndili ndi mnzanga amene tinayamba limodzi madrasa tili ndi zaka 7. Dzina lake ndilisunga, chifukwa akamva kuti ndamulemba pano andikalipira. Alif, baa, taa tinaphunzira pa mkeka umodzi, Juzu Amma tinamaliza mwezi umodzi, ndipo tsiku limene mwalimu anatipeza tikumenya mpira wachikulunga nthawi ya Asr, chikwapu chinatipeza tonse. Zotsatira za Fomu 4 zitatuluka, ine ndinasankhidwa kupita ku yunivesite, iye ayi. Anaika kabenchi pamsika wakwathu n'kuyamba kukonza mafoni.

Chaka choyamba tinkaimbirana. Chaka chachiwiri ndinayamba kuyankha mochedwa, kenako ndinangosiya. Sitinayambane ayi. Ndinangotanganidwa ndi anzanga atsopano, magulu okambirana za m'kalasi, ndi timisonkhano ta pakampasi. Iye akalemba pa WhatsApp, ine kuwerenga, mumtima n'kuti ndiyankha madzulo. Madzulowo anakwana miyezi 8.

Kenako bambo anga anadwala, ndipo anawagoneka m'chipatala sabata yomwe mayeso amayamba. Mayi anandiletsa kubwera. Anati, "Lemba mayeso mwanawe, kuno tiona chochita." Koma bambo sankatha kuimirira okha, mayi analibe mphamvu zowanyamula, ndipo azing'ono anga ndi ana. Nditalemba pepala lomaliza ndinakwera basi, n'kufika kuchipatala usiku. M'wodi ya abambo ndinapeza munthu atagona pa katoni pambali pa bedi, atafunda jekete. Anali mnzanga uja. Anali atagona pamenepo masiku 11. Masana amakhala kubenchi, dzuwa likapendeka amatseka n'kubwera kudzawanyamula bambo kupita nawo kuchimbudzi, kuwasambitsa, ndi kuwathandiza kuchita tayammum kuti swala isawadutse.

Ndinayamba kuthokoza ndi mawu ambirimbiri. Anandidula. "Aise, usandithokoze ngati ndine mlendo. Bambo awa anandigulirapo kanzu ya Idi, iwe unaiwala. Koma chimodzi chokha: munthu akakulembera, uziyankha."

Bambo anachira, Alhamdulillah. Koma ine ndinatsala ndi funso. Mufoni mwanga munali manambala opitirira 800, ndipo amene anagona pa katoni ndi yemwe ndinamusiya osamuyankha. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuwerenga za nkhaniyi, m'mabuku a sayansi ndi m'mabuku a siira. Zimene ndapeza ndi izi.

KODI MUNTHU NDI CHOLENGEDWA CHOTANI?

Akatswiri akale a chiyankhulo cha Chiarabu anasiyana maganizo pa gwero la liwu lakuti insaan, lomwe ndi munthu. Ena anati likuchokera ku uns, kutanthauza kuzolowerana ndi kupeza mpumulo pokhala ndi mnzako. Ena anati likuchokera ku nisyaan, kuiwala. Ine sindine woweruza pakati pawo, koma usiku uja m'chipatala ndinaona zonse ziwiri mwa ine ndemwe: cholengedwa chosatha kukhala chokha, komanso choiwala amene akuchigwiriziza.

Taonani mmene timabadwira. Kamwana ka mbuzi kamaimirira tsiku lomwe kabadwa n'kuyamba kutsatira make. Mwana wa munthu amabadwa ndi ubongo wongokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ubongo wa munthu wamkulu, amatenga pafupifupi chaka kuti ayende, ndipo amatha zaka zambiri akudyetsedwa ndi ena. Tonsefe tinayamba moyo tili m'manja mwa anthu, ndipo pomaliza anthu ndi amene adzatisambitse n'kutinyamula pa jeneza.

Ibn Khaldun, katswiri wa mbiri wobadwira ku Tunis mu 1332, anafotokoza zimenezi m'buku lake la Muqaddimah pogwiritsa ntchito chakudya cha tsiku limodzi. Tirigu amafuna kupera, kukanda ndi kuphika, ndipo chilichonse mwa izi chimafuna zipangizo zochokera kwa wosula zitsulo, mmisiri wa matabwa ndi woumba mbiya. Ganizirani nsima ya masana ano: wolima, wosula khasu, wa pachigayo, wotola nkhuni, wophika. Palibe amene amadya za manja ake okha.

Izi n'zokhudza mimba. Nanga mtima?

ZIMENE OFUFUZA APEZA

Mu 2003, Naomi Eisenberger ndi anzake ku yunivesite ya UCLA ku America analowetsa anthu m'makina ojambula ubongo, n'kuwapatsa masewera oponyerana mpira pa kompyuta. Munthuyo ankaganiza kuti akusewera ndi anthu ena awiri, chonsecho inali pulogalamu chabe. Pakati pa masewerawo, awiri aja ankasiya kumuponyera n'kumangoponyerana okha. Mbali ya ubongo imene inkatakataka pa nthawi yosalidwayo ndi imodzi mwa mbali zomwe zimagwiranso ntchito munthu akamavutika ndi ululu wa m'thupi. Ndiye tikamati "zandipweteka" mnzathu akatitaya, thupi nalo likuvomereza.

Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira nkhani ya Ka'b ibn Malik (RA) yomwe tinaphunzira ku madrasa. Iye ndi anzake awiri, Murara ibn ar-Rabi' ndi Hilal ibn Umayya, sanapite nawo ku Tabuk popanda chifukwa chomveka, ndipo atafunsidwa ananena zoona. Sanamenyedwe, sanatsekeredwe, sanalipitsidwe. Asilamu anangolamulidwa kuti asawayankhule, masiku 50. Ka'b ankayenda mumsika popanda womuyankhula. Anakwera mpanda wa munda wa msuweni wake Abu Qatada, munthu amene ankamukonda kwambiri, n'kumupatsa salaam, koma sanayankhidwe, mpaka misozi inatsika. Surah At-Tawba, ayah 118, ikufotokoza kuti dziko lonseli ndi kutambasuka kwake linawachepera. Tsiku limene kulapa kwawo kunalandiridwa, Talha ibn Ubaydillah (RA) ananyamuka mothamanga kukamugwira chanza, ndipo Ka'b sanaiwale zimenezo moyo wake wonse. Chilango chimenechi chinali chapadera pa nthawi ya Mtumiki (SAW). Ife tinaletsedwa kunyanyala m'bale wathu kupitirira masiku atatu pa mikangano yathu. Ine ndinachita miyezi 8, popanda ngakhale mkangano.

Mu 2010, Julianne Holt-Lunstad wa ku Brigham Young University ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 148 wokhudza anthu 308,849. Anapeza kuti anthu amene anali ndi ubale wolimba ndi anzawo anali ndi mwayi wochulukirapo ndi 50 peresenti wopezeka akadali moyo pamapeto pa kafukufuku, poyerekeza ndi amene ubale wawo unali wofooka. Ku Harvard kuli kafukufuku amene anayamba mu 1938 ndipo anatsatira amuna 724 kuyambira unyamata mpaka ukalamba. Robert Waldinger, amene akuutsogolera, akufotokoza kuti kukhutira ndi maubale pa zaka 50 kunkalosera bwino thanzi la munthu pa zaka 80 kuposa kuchuluka kwa mafuta m'magazi mwake.

Wina anena kuti, "Akhi, tsiku la imfa linalembedwa kale." N'zoona ndithu. Koma timagonabe mu neti, ndipo tikadwala timamwa mankhwala. Allah anaika zifukwa pa zinthu, ndipo zikuoneka kuti mnzako wabwino ndi chimodzi mwa zifukwa za thanzi. Tidziwenso kuti kafukufuku wambiri wotere anachitikira ku America ndi ku Ulaya, ndipo amaonetsa zinthu zimene zimayendera limodzi pa gulu lalikulu la anthu. Sakulonjeza munthu aliyense payekha zaka zakutizakuti.

Kafukufuku amene amandisangalatsa kwambiri ndi wa Simone Schnall ndi anzake mu 2008. Anaimika ophunzira patsinde pa chitunda ku University of Virginia atabereka zikwama zolemera, n'kuwafunsa kuti chitundacho n'chotsetsereka bwanji. Amene anaima ndi mnzawo anachiona chosavuta kusiyana ndi amene anaima okha, ndipo amene ubwenzi wawo unali wakale ndiwo anachiona chosavuta kwambiri. Chitunda chinali chomwecho, chikwama chomwecho. Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha.

NANGA N'CHIFUKWA CHIYANI TIMATAYANA?

Robin Dunbar wa ku Oxford amadziwika ndi nambala ya 150, yomwe akuti ndiwo pafupifupi malire a anthu amene munthu mmodzi angasunge nawo ubale weniweni. Mkati mwa 150 muli magulu: pafupifupi 50 amene ungawaitane pa chisangalalo, 15 apafupi, ndi 5 okha amene ungawathamangire zinthu zikavuta usiku. Malowa ndi ochepa chifukwa nthawi ndi yochepa. Ukalowetsa watsopano, wina amatuluka mwakachetechete.

Dunbar ndi Sam Roberts anatsatira achinyamata a ku England kwa miyezi 18 pamene ankachoka ku sekondale kupita ku yunivesite kapena kuntchito. Ubale wa magazi unkapirira ngakhale anthu asakuonana, koma ubwenzi unkazirala msanga ngati sukusamalidwa. Kwa atsikana chimene chinkausunga kwambiri ndi kuyankhulana pafupipafupi, kwa anyamata ndi kuchitira zinthu limodzi. Nditawerenga ndinangoti, iyi ndi nkhani yanga yeniyeni. Malume ako amakhalabe malume ako ngakhale papite zaka zitatu. Mnzako alibe magazi omumangirira kwa iwe. Chimene chimamusunga ndi nthawi imene umamupatsa basi.

Jeffrey Hall wa ku University of Kansas anayesa kuwerengera nthawiyo mu 2018. Anapeza kuti pamafunika pafupifupi maola 50 okhala limodzi kuti munthu wongodziwana naye akhale mnzako wamba, pafupifupi 90 kuti akhale mnzako weniweni, ndi opitirira 200 kuti akhale wapamtima. Ine ndi mnzanga uja maola amenewo tinawadutsa kalekale pa mkeka wa madrasa. Chuma chimene ndinachisonkhanitsa kwa zaka zoposa 10 ndinatsala pang'ono kuchitaya chifukwa cha ulesi woyankha uthenga.

MMENE ZINACHITIKIRA KU MADINA

Mu 622, Asilamu a ku Makkah anasamukira ku Madina atasiya nyumba, katundu ndi abale. Anafika kudziko lachilendo ali manja lende, ndipo ena monga Abu Bakr ndi Bilal (RA) anadwala malungo a kumeneko. Mtumiki (SAW) akanatha kungolengeza mu mzikiti kuti nonse muzikondana. Iye anachita zoposa pamenepo. M'nyumba ya Anas ibn Malik (RA) anatenga munthu wa Muhajirun n'kumulumikiza ndi munthu wa Ansar, dzina ndi dzina. Olemba siira amati anali amuna pafupifupi 90. Aliyense anatuluka akudziwa kuti wanga ndi uyu, akagona ndi njala funso libwera kwa ine. Ubale umenewu umatchedwa mu'aakhaah, ndipo unali wolemera moti poyamba ankalowerana chuma wina akamwalira, mpaka pamene ayah 75 ya Surah Al-Anfal inabwezera za chuma cha masiye kwa abale a magazi. Kuthandizana ndi kulangizana kunatsala.

Awiriawiri ena mwa iwo akutiphunzitsa zambiri.

Sa'd ibn ar-Rabi' (RA), mmodzi mwa olemera a Ansar, anauza Abdurrahman ibn Awf (RA) kuti agawane chuma chake pakati. Abdurrahman anamupangira duwa ya madalitso, n'kupempha kuti angomulozera njira ya kumsika. Anapita, ndipo anabwerako ndi phindu la chambiko chouma ndi mafuta a mkaka. Pasanapite nthawi yaitali anakwatira ndi mahari ochokera m'thukuta lake. Wina anapereka osaumira, winayo sanafune kukhala mtolo. Ubwenzi umafa mbali imodzi ikamangopereka, inayo n'kumangolandira.

Salman al-Farisi (RA) anali wa ku Persia, anakhalapo kapolo, ndipo analibe wachibale ku Arabia. Anamulumikiza ndi Abu Darda (RA). Tsiku lina atapita kukacheza anapeza mkazi wa Abu Darda asakudzisamalira, ndipo atafunsa anamva kuti mwamunayo analibenso chidwi ndi za dziko, masana kufunga, usiku kuswali. Chakudya chitabwera, Salman anakana kudya mpaka mnzakeyo amasule funga yake ya sunnah. Usiku Abu Darda akati adzuke kukaswali, Salman ankamubweza kuti agone, mpaka chakumapeto kwa usiku pamene anadzuka n'kuswali limodzi. Kenako anamukumbutsa kuti Mbuye wake ali ndi gawo pa iye, thupi lake lili ndi gawo, ndipo banja lake lili ndi gawo. Nkhani itafika kwa Mtumiki (SAW), anavomereza kuti Salman wanena zoona. Taonani kuti Salman anadzudzula mnzake pa chinthu chimene ena tikanangomuyamikira. Komanso taonani kuti ubwenzi wawo sunapikisane ndi banja la Abu Darda. Unalipulumutsa.

MAFUNSO AMENE NDIKUDZIWA KUTI ABWERA

"Ndikadzakwatira, mkazi wanga kapena mwamuna wanga adzakhala zonse." Nikah ndi sunnah yaikulu, ndipo Allah atipatse mabanja abwino. Koma ambirife timauona ubwenzi ngati pokhala podikirira ukwati, ukangofika timawataya anzathu. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale mutuwo ukhale wa munthu amene umamukonda. Mtumiki (SAW) anali ndi Khadija (RA) kunyumba, ndipo kuphanga la Thawr masiku atatu aja anali ndi Abu Bakr. Khadija atamwalira, Mtumiki (SAW) akapha mbuzi kapena nkhosa ankatumiza nyama kwa amayi amene anali anzake a Khadija. Izi zikutiuza kuti Khadija anali ndi anzake apamtima ali pabanja, ndipo mwamuna wake ankawalemekeza. Alongo anga, nkhaniyi ndi yanunso. M'madera ena a kummwera kwa dziko lathu lino muli mwambo wa chinjira, ubwenzi wa atsikana kapena amayi awiri wodziwika ndi apabanja, wopatsana mphatso ndi kuthandizana pa chisangalalo ndi pa zovuta.

"Nanga mnzanga wapamtima akakhala mnyamata, ine mtsikana?" Chichewa chathu chimasiyanitsa ubwenzi ndi chibwenzi, ndipo tonse tikudziwa mmene choyambacho chimaterereka n'kugwera mwa chachiwiri tikamacheza awiri pafoni pakati pa usiku. Ulemu ndi kuthandizana m'kalasi zili ndi malo ake. Koma kuululirana za mumtima kumene ndikunena pano, m'bale apeze m'bale, mlongo apeze mlongo.

"Nanga akakhala kuti akundikokera kuzoipa?" Kukhulupirika kwa mnzako sikutanthauza kumutsatira kumowa kapena kubetcha. Surah Az-Zukhruf, ayah 67, ikutichenjeza kuti pa tsiku la Qiyama mabwenzi adzasanduka adani kupatula oopa Allah. Mulangize, mupangire duwa, usamutsekere khomo, koma usamupatse chiwongolero cha moyo wako.

ZOTI TICHITE

1. Tchula dzina. Kukonda ummah wonse n'kosavuta chifukwa ummah sukuimbira foni 2 koloko usiku. Tenga pepala ulembe anthu awiri kapena atatu amene ukuvomera kuti mavuto awo ndi akonso. Mtumiki (SAW) anatiphunzitsa kuti ukamukonda m'bale wako chifukwa cha Allah, umuuze. Anyamatafe zimatichititsa manyazi, koma ndi sunnah.

2. Lipira maola. Kuona status ya munthu si kucheza naye. Ikani nthawi yodziwika: kuimbirana pambuyo pa Jumu'ah, kumvetserana ma surah amene munaloweza, kudyera limodzi futari, kuperekezana ku maliro.

3. Lola kuuzidwa zoona. Ngati m'miyezi 12 yapitayi palibe mnzako amene wakuuzapo chinthu chowawa koma choona, mwina wazunguliridwa ndi okuombera m'manja okhaokha.

4. Phunzira kupereka ndi kulandira. Ena timakonda kuthandiza koma sitifuna kuti wina adziwe kuti tavutika. Kumeneko nakonso ndi kudzikweza.

5. Osayeza mnzako ndi sukulu. Ichi ndikudziuza ndekha. Pansi pa mtima ndinkaona ngati ine ndapita patsogolo, iye watsalira. Digiri sinanyamule bambo anga kupita nawo kuchimbudzi.

Miyezi ingapo bambo atatuluka m'chipatala, akuba anathyola pamene mnzanga uja amasungira zipangizo, n'kutenga ndi mafoni a makasitomala omwe. Sanandiuze, ndinamva kwa mayi. Ndinamutumizira gawo la ndalama yanga yodyera mwezi umenewo. Nthawi yomweyo anaimba kuti akubweza. Ndinamuyankha kuti, "Aise, usandione ngati mlendo." Anakhala chete pang'ono, kenako anaseka. Mwezi umenewo ndinadya soya pieces ndi bonya mosinthanasinthana, ndipo sindinadandaule.

Mu hadith ya magulu 7 a anthu amene Allah adzawaike pa mthunzi tsiku lopanda mthunzi wina, muli anthu awiri amene anakondana chifukwa cha Allah, ankakumana pa chimenecho ndi kusiyana pa chimenecho. Kuti ukhale mmodzi mwa awiriwo sipafunika chuma kapena udindo, koma pafunika munthu wachiwiri, ndipo munthuyo sapezeka tsiku limene wamufuna ngati sunamusunge kale.

Ntchito ya sabata ino ndi imodzi. Tsegula foni, tsika pansi mpaka upeze uthenga umene sunauyankhe wa munthu amene anakhalapo wapamtima. Usalembe. Imba, Jumu'ah isanafike. Ngati wayamba ndi kukudandaulira, mvetsera, ali ndi chifukwa.

Allah atikhululukire pa anthu amene tinawaiwala, atipatse anzathu otikumbutsa za Iye, ndipo atipange ifenso kukhala otero kwa ena. Aamiin.

Wassalaam alaikum warahmatullahi wabarakatuh.